Mutu 6: Masiku Atatu Okhala Pansi

1. Pepala la pakhoma

Pakhoma la chipinda cha Argentina padali pepala lomata ndi phala. Adalemba ndi aphunzitsi a masewero, a Gilberto, ndi dzanja lawo lopendekeka lija: Lolemba corrida, Lachiwiri descanso, Lachitatu corrida, Lachinayi descanso, choncho mpaka sabata kutha. Corrida ndiko kuthamanga, descanso ndiko kupuma.

Argentina adali mwana womvera. Pepala likati thamanga, ankathamanga. Likati puma, sankathamanga ngakhale kupirikitsa nkhuku pamphale. Ankangodzuka kukuyera, kupinda nkhata yake ya chitenje chakale, kutenga dengu ndi kutsetserekera kudimba kukasenza kachewere.

Kupuma kwa mtsikanayu kudali kumeneko.

Dimba la kwawo lidali kudambo, ndipo chaka chimenecho kachewere adabereka mochititsa mantha. Koma kachewere alibe miyendo. Kamyao, lole ya ogula mbewu, amaima pamsewu wafumbi wopita ku Ntengo-wa-Mbalame, ndipo kuchokera kudambo kufika pamsewupo pali chitunda chimene ngakhale mbuzi imaima pakati kuti iganize kaye. Zaka zonse ngolo ndiyo inkakweza mbewu. Chaka chino ngoloyo idali gone kuseri kwa khola, nkhuku zikuikiramo mazira, chifukwa ng'ombe imodzi mwa ziwiri zokoka idafa. Tsono mitu ya anthu atatu ndiyo idasanduka ngolo: mutu wa bambo Atanásio, wa mayi Amélia, ndi wa mwana wawo Argentina, amene kwawo ankangoti Tina.

Tina adali ndi zaka khumi ndi zisanu n'chimodzi. Adali mu décima classe, kalasi lachikhumi, ndipo shikola ya kwawo inkathera pomwepo. Kupitirira apo n'kutauni, ndipo kutauni munthu amafunika pogona. Aphunzitsi adanenapo kuti mwana wothamanga bwino akaonekera pa masewero a mashikola ku Tete, iliko shikola ina imene imampatsa malo ogona kuti apitirize maphunziro. Koma ku Tete sapita chigulu. Loweruka likubweralo padali mpikisano pabwalo la ku Ntengo-wa-Mbalame, ndipo pa atsikana othamanga mtunda wautali ankafuna awiri okha.

Miyezi iwiri yapitayo palibe akadafunsa kuti woyamba adzakhala yani. Anzake ankangoonera zidendene zake. Koma chiyambire kukumba kachewere zinthu zidatembenuka. Miyendo inkalemera. Chimfine chikati chithe, chinkayambiranso. M'mbali mwa pakamwa mudatuluka tizilonda. M'mawa ankadzuka atatopa kuposa mmene adagonera.

Ndiye poona kuti liwiro likuchepa, Tina adachita chimene mwana aliyense wakhama akadachita. Tsiku lothamanga ankawonjezera maulendo ozungulira bwalo.

2. Kachewere wa aphunzitsi

Sabata imeneyo shikola idali patchuthi chachifupi, koma othamanga adaitanidwa Lolemba masana kuti ayesedwe komaliza. Adazungulira bwalo kasanu n'katatu. Edina, mwana wa mwini golosale wa pamsika, amene kale ankafika Tina atamwa kale madzi, tsikuli adamusiya theka la bwalo.

Tina atafika adangogwira m'mawondo, malovu ali ndee.

"Treze minutos e quarenta," adatero a Gilberto akuyang'ana foni yawo, kutanthauza mphindi khumi ndi zitatu ndi masekondi makumi anayi. "Mwezi wa Abril unkathamanga doze e dez, mphindi khumi ndi ziwiri ndi masekondi khumi. Ukubwerera m'mbuyo, menina. Kodi descanso ukusunga?"

"Sim, senhor professor. Sindithamanga olo pang'ono."

"Nanga tsikulo umachita chiyani?"

"Palibe. Ndimangothandiza pakhomo."

"Kuthandiza chiyani?"

"Kusenza kachewere basi."

"Madengu angati?"

"Zimatengera. Quinze, khumi ndi asanu. Tsiku lina dezoito, khumi ndi asanu n'atatu."

"Kuchokera pati?"

Tina adaloza ndi mlomo chitunda cha kwawo, chimene chinkaoneka patali ngati linunda la ng'ombe.

A Gilberto adaseka, kenaka kusekako kudawathera pakamwa. Iwo adakulira mumzinda wa Tete, kumene kachewere amamera pamsika ali m'miyulumiyulu. Polemba descanso ankaganiza za mwana wokhala pampando akuwerenga buku. Miyezi iwiri yathunthu sadafunsepo. Safunsa adadya phula.

"Ndiye iwe umati ukupuma?"

"Komatu si treino imeneyo, si masewero olimbitsa thupi, senhor professor. Ndi ntchito."

"Minofu yako sidziwa kuwerenga, Argentina. Sidziwa kuti iyi ndi treino, iyi ndi ntchito ya amako. Khala pansi apa."

Adapita kumpanda kwa amayi ogulitsa malonda n'kubwerako ndi kachewere mmodzi wamuwisi ndi ndimu. Adadula kachewereyo pakati. Chibenthu chimodzi adachipaka madzi a mandimu, china adachisiya choncho, n'kuziika zonse pabenchi.

"Mvetsera bwino," adayamba. "Thupi lako limakoleza moto kuti lipeze mphamvu. Nkhuni zake ndi chakudya, ndipo chokupizira chake ndi mpweya umene ukupumawu, oxigénio. Ukamathamanga kapena kukwera chitunda ndi katundu, motowo umakula. Tsono moto ukakula umathetheka. Mbaliwali zimenezo m'mabuku amazitcha radicais livres. Zikachuluka zimawaula minofu, zimafooketsa ngakhale asilikali a m'magazi amene amalimbana ndi chimfine."

"Ndiye kuthamanga n'koipa?"

"Iyayi! Apa ndiye pokoma. Thupi lili ndi ozimitsa ake, antioxidantes. Ena limapanga lokha, ena limatenga m'masamba ndi m'zipatso. Ukathamanga mwa muyeso, mbaliwali zochepazo zimalichenjeza thupi, ndipo limati, eee, kuno kumabwera moto, ndiwonjezere ozimitsa. N'chifukwa chake munthu wolimbitsa thupi amakhala wotetezeka kuposa wongokhala. Koma ntchito yowonjezerayo, ndi yokonza mowaukamo, thupi limaigwira iwe ukupuma. Ukalimana mpata, mbaliwali zimachuluka kuposa ozimitsa. Chimenecho ndicho stress oxidativo. Iwe wakhala ukukoleza moto tsiku ndi tsiku, osalola kuti wina atunge madzi."

Adayankhula nthawi ndithu, mpaka ena aja adabalalika. Kenaka adaloza pabenchi. Chibenthu chopanda mandimu chidali chitada ngati dzimbiri. Chinzake chidali chikadali choyera.

"Mpweya womwewu, kachewere yemweyu," adatero. "Ndi chitsanzo chabe, munthu si kachewere. Koma waona kusiyana kwa chotetezedwa ndi chosatetezedwa. Tsono tamva. Mawa usenze pang'ono ngati sungachitire mwina. Quarta, quinta, sexta, kuyambira Lachitatu mpaka Lachisanu, sindikufuna dengu pamutu pako, sindikufuna liwiro. Ugone mokwanira. Udye mpiru, bonongwe, matimati, nyemba, malalanje. Mankhwala a m'botolo a pamsika aja usawayandikire. Masiku atatu ndi ochepa pa kutopa kwa miyezi iwiri, koma ndi amene tili nawo."

Tina adatola zibenthu ziwiri zija n'kuzimanga pansonga ya chitenje. Adadziwa kuti kunyumba mawu okha sakakwana.

3. Ng'ombe yomvera

Adawapeza makolo ake pamsewu, pamalo podzazira matumba. Dzuwa lidali litapendeka, mphepo yachisanu ikuwomba kuchokera kumapiri. Adagwada, nafotokoza zonse, n'kumasula zibenthu zija.

Mayi Amélia adatula dengu, nayang'ana kachewereyo, nayang'ananso mwana wawo.

"Aphunzitsi akowo awononga kachewere wabwinobwino kuti andiuze kuti mwana wanga akhale pansi?" adatero. "Tina, tsegula makutu. Ine ndinayamba kusenza ndisanamere mano a m'kati. Iweyo ndinakusenza m'mimba ndikusenzanso nkhuni pamutu, mpaka tsiku lobadwa iwe. Dzimbiri limenelo linandigwira liti? Pamudzi pano munthu amakhala pansi masana akadwala, akaferedwa, kapena akakhala ndi pakati. Iwe uli pati pa zitatuzi? Kamyao akubwera sexta-feira, Lachisanu lomweli madzulo, ndipo akadutsa sadzabweranso mwezi uno. Kachewere wokumba sadikira munthu, amabiriwira n'kuwola. Ukufuna ine ndi abambo ako tithyoke makosi iwe uli tambalale, anthu akuona? Walira mvula walira matope, mwana wanga. Unafuna kuthamanga wekha, usatisenzetse ife kutopa kwako."

Tina adangoweramitsa mutu. Mawuwo adamupweteka, makamaka chifukwa theka lake lidali loona.

Bambo Atanásio ankasoka thumba pakamwa. Adali munthu wosayankhulayankhula, mdzukulu wa anthu a ng'ombe. Adamaliza kusoka, naluma ulusi, n'kutola chibenthu chakuda chija n'kuchitembenuza m'manja.

"Amake Tina, mwanena, ndamva," adatero. "Za mbaliwali ine sindizidziwa. Koma ng'ombe ndimaidziwa. Malemu bambo wanga pophunzitsa ng'ombe goli sankaifulumiza. Lero aimanga chingwe chokha, mawa aisiya idye. Mkuja ikoka kachipika kufika kumtsinje n'kubwerera, tsiku linalo aisiyanso. Ine ndili mnyamata ndinkati akuluwa ndi aulesi. Iwo ankati, mwanawe, khosi la ng'ombe silikhwima tsiku lokoka, limakhwima tsiku limene ili kubusa. Mawu amenewo ndinakula nawo, ndipo chaka chatha ndinawataya ndekha."

Adayang'ana cha kukhola, kumene ngolo idagona.

"Mvula inachedwa, n'kubwera yonse kamodzi. Ndinalima munda wathu, ndinalima wa alamu anga, ndinatuta manyowa, masiku khumi ndi awiri osamasula goli. Pa ng'ombe zathu ziwiri zija, Bantomu, waulesi uja, akatopa ankangogona mumzere, ndikwapule ndisakwapule. Mnzake Jamuludi sankakana. Ndikati tiye, tiye. Tsiku lakhumi n'chitatu anagwada mumzere, osadzukanso. Lero Bantomu uyo akudya msipu, wanenepa. Jamuludi chikopa chake ndi chimene tikuyanikapo nyemba. Mwamva, amake Tina? Ng'ombe yomvera ndiyo imafa. Ndipo madengu tikusenzawa, tikusenzera kufulumira kwanga."

Adatembenukira kwa mwana wake.

"Iwe ndiwe womvera ngati Jamuludi. Aphunzitsi akati thamanga, tiye. Amako akati senza, tiye. Kuthamanga si kufika, mwana wanga. Kuyambira Lachitatu ukhala pano pamsewu. Uzisankha mbewu, uzisoka matumba. Chitunda utisiyire ife."

Mayi Amélia adakonza nkhata yawo, natola dengu, natsika chitunda mapazi akumveka.

4. Pamsewu

Lachitatu m'mawa Tina adayala thumba pansi pa mtengo wa pichesi wopanda masamba n'kukhala. Ntchito yake idali yopepuka: kachewere wamkulu uku, wambewu uku, wotemeka ndi khasu uko. Manja okha ndiwo ankagwira ntchito.

Kukhala pansi n'kovuta, inu. Amene sadakhalepo pansi anzake akusenza sangadziwe.

Amake ankatulukira pamwamba pa chitunda misempha ya m'khosi itaima, n'kukhuthula dengu pafupi ndi miyendo yake osamuyang'ana. Abambo ake ankatulukira pambuyo, akupumira m'mwamba. Tina ankafuna atalowa pansi.

Ndiye pamsewu padutsa anthu. Amayi awiri ochokera kuchigayo adaima, ufa uli pamutu.

"Odi a Tina! Mwadwala kodi?"

"Ayi, ndili bwino."

"Nanga kukhala pansi nthawi yokolola?"

"Ndikupuma. Aphunzitsi anandiuza."

"Aphunzitsi!" Amayiwo adayang'anana. "Ooo. Chabwino, pumani, mayi. Musamadye zowawasa zambiri."

Adapita akugundana m'zigongono. Pafupi ndi Tina padali makoko a malalanje awiri amene abambo ake adamuthyolera m'mawa. Pofika madzulo nkhani idali itazungulira mudzi, ndipo idabwerera kunyumba itabala ana. Mayi Amélia adaimva kuchitsime.

"Wamva zimene akunena?" adafunsa akutula ndowa. "Akuti uli ndi pakati. Akuti n'chifukwa chake liwiro linakuthera. Mwana wanga ine, amene sadziwa n'khomo la mnyamata lomwe!" M'mawu awo ukali udalipo, koma manyazi ndiwo adachuluka.

"Pakamwa pa anthu palibe chitseko," adatero bambo Atanásio. "Loweruka adzaona okha."

Lachinayi Tina adakhalanso. Ndipo chodabwitsa chidachitika. Podzuka m'mawa mutu sudalemere. Mphuno zidatseguka. Popita kukatunga madzi akumwa m'kachigubu adamva miyendo ikufuna kudumpha yokha, ngati ya mwana wa mbuzi. Adasangalala, nthawi yomweyo n'kuchita manyazi ndi chisangalalocho, chifukwa amake tsiku limenelo adayamba kuima kawiri pakati pa chitunda.

Lidatsala tsiku limodzi.

5. Lachisanu

Lachisanu dzuwa lisanafike pamutu foni ya bambo Atanásio idalira. Adali mwini kamyao. Adati zasintha, ali ndi katundu wina womudikira ku Furancungo, tsono afika nthawi ya nkhomaliro, osati madzulo. Chimene adzapeze pamsewu ndicho adzanyamule.

Kudambo kudali kudakali mulu wa kachewere wokwana matumba asanu ndi limodzi.

Makolo aja adayamba kukwera ndi kutsika osapuma. Tina ankasoka, maso ali pachitunda. Ulendo wachinayi adaona amake akukwera pang'onopang'ono, dengu litadzaza mpaka kusefukira. Pamalo pamene njira imakhota pali mwala wosalala. Phazi lidaterereka. Mayi Amélia adagwa chogwada, dengu lidagubuduka, kachewere n'kumwazika kubwerera kumene adachokera.

Tina adathamanga. Adawapeza atakhala, atagwira bondo ndi manja awiri, mano ali gwa.

"Bwerera ukakhale," adatero amake. "Si ndiwe wopuma?"

Adayesa kuimirira, mwendo udakana. Adayesanso, nagwira tsinde la udzu, nayamba kutola kachewere mmodzimmodzi ali chokwawa.

Tina adawathandiza kufika pamthunzi. Kenaka adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi nkhata yake.

Abambo ake adakumana naye panjira, dengu lili paphewa, thukuta likutsika m'ndevu.

"Tina, ika pansi chimenecho."

"Ababa, simungathe nokha."

"Ndikudziwa kuti sindingathe. Otsalawo atsale. Tidya, tigawira anthu, ena awole. Kachewere amabwera chaka chilichonse, mwana wanga, koma mpikisano wa mawa sudzabweranso. Wapirira masiku awiri, wapirira pakamwa pa anthu. Ukufuna kutaya zonsezo chifukwa cha theka la tsiku? Ndinakuuza za Jamuludi. Tsiku limene anagwa, inenso ndinkati watsala mzere umodzi wokha. Nthawi zonse umakhala mzere umodzi wokha."

Tina adayang'ana abambo ake. Adayang'ana amake pansi pa mtengo, amene ankalimbana ndi kuimiriranso atagwira ndodo. Adadziwa kuti iye akakhala, amakewo atsika chitundacho ndi bondo lotupalo.

Adaika nkhata pamutu.

"Pepani, ababa," adatero, natsika.

Sikudali kusenza kwa masiku onse kuja, koyenda ndi kupumira. Kudali kukwera mothamanga, kukhuthula, kutsika mothamanga. Ulendo wachisanu miyendo yopepuka ija idali itapita. Ulendo wachikhumi ntchafu zinkayaka moto. Kamyao atafika, woyendetsa adaliza hutala kawiri, ndipo Tina adakwera maulendo ena anayi anyamata onyamula akuponya matumba m'mwamba.

Thumba lomaliza lidasokedwa injini ikulira kale. Padalibe kachewere wotsala kudambo.

Kamyao atapita, fumbi litakhazikika, Tina adati akhale pansi, koma mawondo adapinda okha asanawauze. Miyendo inkanjenjemera yokha ngati ya munthu wamalungo. Abambo ake adamupatsa madzi.

6. Loweruka

M'mawa adadzuka pamphasa ngati nkhalamba. Kuti apinde mwendo avale nsapato, misozi idalengeza.

Pakhomo adapeza kambale ka nyemba ndi mpiru, pambali pake malalanje atatu osendasenda. Amake adali pakhonde, mwendo atautambasula, bondo litatupa ngati dzungu. Sadamuyang'ane. Adangoti, "Idya."

Abambo ake adamukweza panjinga mpaka ku Ntengo-wa-Mbalame kuti asawononge mphamvu panjira. Pabwalo padali anthu ambiri, ena ochokera kumudzi kwawo komwe, obwera kudzaona ngati zonenedwa zija zidali zoona. A Gilberto adamuona mmene ankatsikira panjinga, ndipo nkhope yawo idagwa.

"Wasenza," adatero.

"Amama anagwa, senhor professor."

Aphunzitsi adaloza pabwalo. "Pita pamzere," adatero pang'onopang'ono.

Kherere adalira. Maulendo atatu oyamba Tina adali patsogolo, ndipo amayi a kuchigayo aja adasowa poyang'ana. Ulendo wachinayi moto wa dzulo udadzuka m'ntchafu. Wachisanu Edina adamudutsa, akupuma bwinobwino. Tina adaluma mano n'kumamatira pambuyo pake. Akadali wachiwiri. Wachisanu n'chimodzi, akadali wachiwiri. Wachisanu n'chiwiri, adamva mapazi kumbuyo.

Adali kamtsikana ka shikola ina, kakang'ono, kopanda nsapato. Pokhota pomaliza Tina adauza miyendo yake kuti tiyeni. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, miyendoyo sidamvere. Kamtsikanako kadamudutsa patatsala mapazi makumi awiri okha.

Wachitatu.

Adagona chafufumimba paudzu wouma, akulira mosabisa. Sankalira kupweteka kwa miyendo. Ankalira mapazi makumi awiri aja, chifukwa ankadziwa bwino lomwe kumene adawasiya.

A Gilberto adanjuta pambali pake, ndipo bambo Atanásio adaima chapafupi atagwira njinga.

"Doze e cinquenta," adatero aphunzitsi, kutanthauza mphindi khumi ndi ziwiri ndi masekondi makumi asanu. "Lolemba unathamanga treze e quarenta. Masiku awiri okha opuma akubwezera zonsezo, ngakhale dzulo unatayaponso theka. Ukanakhala atatu..." Sadamalize. Adatembenukira kwa bambo aja. "Bambo, awiri apita. Koma gulu la distrito, la boma lonse lopita ku Tete, lili ndi malo amodzi otsala. Pakatha masabata atatu, wachitatu wa kuno adzapikisana ndi wachitatu wa ku Tsangano-sede, kulikulu la boma. Wopambana akwera nawo. Imeneyo ndiyo njira yomaliza. Koma ndikunena pamaso panu: masabata atatu amenewa azithamanga pang'ono, azipuma kwenikweni. Akasenzanso, musavutike n'kubwera naye."

Bambo Atanásio adavula chipewa, nachivalanso.

"Lolemba tikuyamba kukumba chigawo chachiwiri," adatero. "N'chachikulu kuposa chimene tamalizachi."

7. Nkhata

Adafika kunyumba dzuwa litapendeka. Mayi Amélia adali pakhonde pomwe paja. Sadafunse kanthu, nkhope ya mwana wawo idanena zonse. Bambo Atanásio ndiwo adafotokoza, za mapazi makumi awiri, za masabata atatu.

Mayi aja adatembenukira kwa mwana wawo.

"Anakudutsa pomaliza penipeni?" adafunsa.

"Inde, amama."

"Maulendo angati unakwera dzulo?"

"Catorze, khumi ndi anayi."

Adapukusa mutu. "Ine ndinkati kupuma ndi ulesi," adatero. "Ndikadali kuganiza choncho, pang'ono. Koma bondo ili landikhazika pansi tsiku limodzi lokha, ndipo msana umene wakhala ukundiwawa chiyambire Pasaka lero wangoti zii. Kanditengere nkhata yako."

Tina adalowa m'nyumba akutsimphina n'kubwera nayo. Amake adailandira, naimasula pang'onopang'ono mpaka idabwerera kukhala chitenje chakale chong'ambika. Adaching'amba pakati, namanga nacho bondo lawo, namangitsa mfundo ziwiri.

"Basi," adatero. "Ulibenso nkhata. A kuchigayo anene zonena zawo."

Tina adakhala pafupi ndi amake, mutu n'kuutsamiritsa paphewa pawo. Adatopa kwambiri moti ngakhale kuthokoza kudamukanika. Koma funso lidali pakhonde pomwepo, ndipo palibe adalitchula: mitu iwiri yakhala pansi, nanga kachewere wa Lolemba akwera bwanji chitunda?

Adamva kugogoda kuseri kwa nyumba. Atasuzumira adaona abambo ake akupirikitsa nkhuku m'ngolo, akuchotsa mazira n'kuwaika m'chipewa. Kenaka adatsitsa goli patsindwi la khola, nalipukuta fumbi ndi dzanja. Adaima pachipata akuyang'ana m'kati. Sankayang'ana Bantomu. Ankayang'ana kankhunzi kofiira kamene kadaima pakona, kobadwa chaka cha dzana, kosakwana ndi zaka ziwiri zomwe, kamene khosi lake lidali lisanalawepo chingwe.

Tina adadzuka atagwira khoma.

"Ababa! Si munati ng'ombe saifulumiza?"

Bambo Atanásio sadatembenuke.

"Iwe khala pansi," adatero, akuchotsa mpiringidzo woyamba wa pachipata.